Jeke Pansi pa Masitepe

Lolemba, 8 Januwale, Las Grutas

Mphepo tsiku lonse. Mchenga m'mabulangete, mu shuga, m'mano. Galimoto yathu yogonamo taimika pamalo athu a chaka ndi chaka, pafupi ndi mpopi. Ndayendetsa ndekha kuchokera ku Neuquén, msana wachita kuuma. Amuna anga a Amílcar pambali, kundiuza pokhota ngati msewu ndauona lero. Chidwalire sitiroko sanagwirenso chiwongolero, koma pakamwa pokha sipanalumale.

Masitepe apakhomo akundisowetsa mtendere. Achitsulo, opinda, olendewera m'malere. Akapondapo ndi mwendo wabwinowo, nyumba yonse gwedegwede, makapu kulira m'kabati. Wamanzere umabwera pambuyo, mokoka.

Lachitatu, 10 Januwale

Griselda pafoni. "Amayi, adadi akangogwa pamasitepepo, galimotoyo ndikugulitsa, mubwerere ku fulati. Sindikuseka ayi." Mwana wobereka ndekha, lero akundiikira malamulo. Fulati ija ndikuidziwa. Zenera limodzi, amuna anga pampando kuyang'ana khoma kuyambira m'mawa. Kumeneko sangakhalitse. Sindinawauze, koma ndikuganiza kuti anamva, nyumba ino ilibe kobisalira.

Lachinayi, 11 Januwale

A Osvaldo, oyandikana nafe a galimoto yobiriwira, atibwereka kajeke kopota ndi thabwa. Thabwa pamchenga, jeke pathabwa, mutu wake pansi pa sitepe yomaliza. Anati, "Jekeyo angokhudza, achimwene, asanyamule. Galimoto imakwera n'kutsika pamasipuling'i ake, isiyireni mpata." A Amílcar amvekere, "Ine ndakalambira pansi pa mabasi, mukandiphunzitse jeke?"

Atangochoka a Osvaldo, anampota jekeyo mpaka gwa, ndi dzanja limodzi, thukuta kamukamu. Ndinawaleka. Papita nthawi ndisanawaone atagwira chitsulo.

Masitepe nji. A Amílcar kukwera, kutsika, kukweranso, popanda chokatenga. "Mayi, taonani, mnyamata wanu uja wabwerera." Ndinaseka, kenako ndinakalirira kuseri kwa galimoto.

Loweruka, 13 Januwale

Nyama yowotcha kwa a Osvaldo, vinyo pang'ono. Anthu kuyamikira masitepe athu ngati mwana wobadwa kumene. Ine mtima m'malere basi. A Amílcar akangoimirira, maso anga ali pamwendo. Anandigwira ndikuwayang'ana. "Mundibowola nawo masowo, mayi."

Lolemba, 15 Januwale

Madzi anatheratu. Ndadzaza thanki mpaka pakamwa, ndawonjezera zigubu ziwiri, chifukwa mpopi wa kuno sudalirika. Galimoto yatsika ndi kulemera. Pansi china chake chinalira kuti tswa. Ndinasuzumira, osaona kanthu. Mutu uli pa zochapa, zaunjikana.

Lachisanu, 19 Januwale

Ndikulemba ndi lamanzere, zilembo ngati mapazi a nkhuku.

Lachiwiri m'mawa, beseni la zochapa m'manja, ndinaponda sitepe yomaliza, inathyokera pomwe inawotcheredwa. Galimoto itatsika, jeke sanatsike nayo, chitsulo chinang'aluka. Wagwa ndine. Mkono wamanja pulasitala mpaka pachigongono, adokotala akuti mpaka Malichi.

Chimene sichikuchoka m'maso mwanga: a Amílcar pakhomo, atagwira chitseko, popondera palibe, ine ndili pansi pomwepo, iwo akukuwa dzina la a Osvaldo. Mawu otero sindinawamvepo.

Tonse maso anali pamwendo wawo. Ine, Griselda, anthu a pano. Za dzanja loyendetsa galimoto palibe anaganizako.

Za jeke sitinakambe. Pakhomo a Osvaldo aikapo bokosi lamatabwa loti tizipondapo. Griselda afika mawa pabasi ndi mwamuna wake, kuti adzatiyendetse kubwerera. Wogula akuti wapezeka kale. Ndakwiya, koma wokwiyira sindikumupeza.

Loweruka, 20 Januwale

Podzuka ndapeza a Amílcar pampando woyendetsera. Ameta, avala malaya a buluu, kiyi ali pobowo, dzanja labwinolo pachiwongolero. Osandiyang'ana. "Mpaka ku Puerto Madryn basi, mayi, msewu ndi wowongoka. Ine chiwongolero, inu magiya ndi lamanzerelo. Tikaphatikizana tikwana munthu mmodzi."

Ndayang'ana mwendo wawo. Kalachi amaponda ndi mwendo wamanzere, wokokawo. Akudziwa, inenso ndikudziwa. Basi ya Griselda ifika masana.

Chingwe cha magetsi ndazula kale. Bokosi ndabweza kwa a Osvaldo. Akuliza injini, ndipo ine ndikutseka bukuli, ndikagwire magiya.