Galimoto Yofiira ya Kuphiri

Nuaija, Doha

Okondedwa achimwene a Waziri,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino inuyo, alamu ndi ana. Kodi amayi miyendo ija yasiya kutupa? Nanga chimanga chili bwanji ku Ntaja kumeneko? Ine phewa lija lapola, koma mtima ndiye ayi.

Mudabwa kuti ndikulemba papepala chonsecho timalankhulana pa foni sabata iliyonse. Pa foni ndayesa katatu, mawu amandithawa. Ndiye ndapatsira Cassim, mnzathu wa ku Nselema amene amagwira ulonda kuno, poti akubwera kutchuthi. Wanyamulanso chikwama cha malemu alamu athu a Mussa. Muli zovala, Kurani yawo ndi nsapato zimene anagulira ana. Kalatayi muwerenge muli panokha.

Ntchito ndikugwirabe kwa abwana omwe aja, koma masiku ano ndimangoperekeza ana kusukulu ndi adona kokagula zinthu. Adona amadandaula kuti ndikuyenda ngati ngolo, amangokhalira yalla yalla kumbuyoko kuti ndifulumire, koma phazi langa limakana. Lachisanu lapitali anzathu a ku Umm Ghuwailina anachita duwa yopempherera a Mussa. Aliyense ankandigwira dzanja n'kumandiyamika kuti ndinasamala mlamu mpaka kumanda. Ndinachokapo osadya.

Achimwene, ndinakunamizani. Tsiku lija munandifunsa amene ankayendetsa galimoto, ndinati anali dalaivala wa dziko lomwelo. Linali bodza. Ndinkayendetsa ndine.

Mukudziwa kuti mu Januwale abwana anatitenga kutchuthi chawo ku Georgia, ine wa galimoto, a Mussa wophika. Tinakakhala kumapiri kumene kumagwa chipale chija amati sinowo. Chimagwa mwakachetechete ngati ufa wosefa, koma chikaumbika pamsewu chimaterera kuposa therere.

Mwana wamkulu wa abwana anabwereka galimoto ya mpikisano mumzinda wa kumunsi. Inali yofiira, ya mipando iwiri, yotsika moti mimba yake inkatsala pang'ono kukhudza pansi. Kungoigunda pang'ono inkalumpha. Anakwera nayo phirilo msewu uli wouma, ndipo sabata yonse ntchito yake inali kujambulitsa. Tsiku lobwerera, chipale chinagwa chambiri kuyambira m'mawa. Mnyamatayo anachita mantha, n'kukakwera galimoto yaikulu ya makolo ake. Yofiirayo anati nditsitse ine.

Galimoto yaikuluyo ankayendetsa bambo wina wachikulire wa komweko, wa ndevu zoyera. Anabwera, n'kuloza matayala a yofiirayo akupukusa mutu. M'Chingerezi chake chodukaduka anati matayalawo ndi a nyengo yotentha, ndidikire kaye makina opala msewu adutse, apo ayi ndiisiye idzanyamulidwe pa lole. Abwana anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndingathe. Mukundidziwa, achimwene, kuyambira nthawi ya kabaza ija sindinkafuna kuphunzitsidwa pagulu. Ndinaseka, n'kuyankha kuti palibe vuto.

Chimene chinandipusitsa ndi mchenga. Kuno nyengo yozizira timapita kuchipululu, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi ndine amene ndakhala ndikutulutsa anzanga akatitimira. Mumchenga malamulo ndi atatu. Umachepetsa mpweya m'matayala. Umazimitsa kabatani kamene kamaletsa matayala kupalasa, chifukwa mumchenga kamakulanda mphamvu. Ndipo ukamva kuti galimoto ikulemera, subweza phazi, umapondanso moto. Nditaona milu yoyera ija ndinati uwu ndi mchenga womwe uja, wangozizira. Ndinachita zitatu zonsezo. Kabatani kaja ndi kamene kakanagwira galimoto ikamaterereka, ine ndinakazimitsa ndi chala changa.

A Mussa anali ndi malo awo mu minibasi ya katundu, ndipo phazi limodzi anali ataponda kale m'kati. Ndinawaitana ndine. Poyamba anakana, ati iwo ali ndi ana, za liwiro sagwirizana nazo. Ndinawaseka kuti mwamuna wabwera mpaka kuno, adzakawauza chiyani anawo ngati sanakwereko galimoto yotere? Anaseka, n'kubwera kudzakhala pambali panga, foni ili m'manja kuti ajambule zotumiza kwa akazi awo, mlongo wathu Aisha.

Inali cha m'ma teni koloko, kunja kuli mbee. Makona atatu oyamba tinadutsa bwino, a Mussa akuyankhula ndi foni yawo. Tinafika pena pamene msewu umakwera pang'ono kenako n'kukhota. Ndinamva matayala akumbuyo akupalasa, ndipo phazi linachita zimene linazolowera. Ndinaponda moto. Kumbuyo kwa galimoto kunapitirira kutsogolo. Tinazungulira kawiri, buleki osagwira, chiwongolero chitapepuka ngati lichero. Tinakaomba khoma la miyala cha kumbali yawo.

Sanafere pomwepo. Magazi sanatuluke ambiri, kuvulala kunali m'kati. Anangoti akumva kuzizira, ndinawafunditsa jekete yanga. Sanandidzudzule ngakhale liwu limodzi. Ndinawatsogolera shahada, mawu aja ovomereza chikhulupiriro chathu, anaitchula yonse, kenako anatsirizika. Ambulansi inabwera ikutsatira makina opala msewu, omwe aja anandiuza kuti ndiwadikire. Kuchokera pamene tinanyamuka sipanathe ndi ola lomwe.

Anthu kuno akumanditonthoza kuti chakudza sichiyimba ng'oma. Ichi chinayimba, achimwene. Bambo wa ndevu uja anandiuza maso ndi maso.

Apolisi anandisunga masiku angapo, abwana anapeza loya, mapeto ake analemba kuti inali ngozi ya nyengo. Kumeneko sindinaname, pamapepala pali dzina langa. Abwana akudziwa. Osadziwa ndinu abale anga nokha. Za maliro mukuzidziwa, poti inu ndi ashehe ndi amene munagwirizana kuti aikidwe konko asachedwe. Ndinawasambitsa pamodzi ndi Asilamu a kumeneko. Nthaka inali gwa, manda anakumba ndi makina. Pamene ndinkakuimbirani madzulo ake, mutandifunsa za dalaivala, ndinaganiza za nkhope ya amayi ndi ya Aisha, bodza linangotuluka. Ndipo munthu amene ndinamusenzetsa mlanduwo ndi yemwe uja anayesa kundiletsa.

Tsopano pempho langa ndi ili. Masiku asanu ndi anayi apitawo Aisha ananditumizira mawu pa foni. Anandithokoza, ati ana ake alibenso bambo wina koma ine. Kenako anati ashehe amulangiza kuti sadaka ya masiku makumi anayi isanafike akhululukire amene anachititsa ngoziyo, mtima wake upepuke. Ati wayesetsa koma zikukanika, chifukwa sangakhululukire munthu wopanda dzina. Wandipempha kuti ndimufufuzire dzina la dalaivalayo kuti alitchule pa duwa. Mawuwo ndawamvera kambirimbiri, sindinayankhe mpaka lero.

Chonde pitani kwa Aisha sadakayo isanachitike. Musaimbe foni, mupite ndi mapazi anu, mutenge ndi azakhali akakhale naye pafupi. Inu ndiye mwini mbumba, nkhaniyi ikuyenera kutuluka pakamwa panu kapena panga, ndipo ine tchuthi changa chili kutali. Mukamuuze zonse mmene ndalemberamu. Musachotse za bambo wondichenjeza uja, musachotse zoti mwamuna wake anali atakwera kale galimoto ina ine n'kumutsitsa. Ndikudziwa mtima wanu, mudzafuna kundiphimba. Musatero. Mukachoka kumeneko mukauzenso akuchimuna, asadzamvere kwa anthu a m'njira.

Sindikumupempha kuti andikhululukire. Analonjeza kukhululukira mlendo, osati mlongo wake amene wakhala akumunamiza mwezi wathunthu. Akanena kuti ndisadzapondenso pakhomo pake, ndidzamvera. Akanena kuti ana asamanditchule malume, ndidzamvera. Chimene sindingathe ndi kulola kuti pa sadakapo anthu aimirire n'kumandiyamika iye akuvomereza.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma muwauze nkhaniyi pang'onopang'ono, atadya kale. Moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa amalume a ku Liwonde ndi ana onse. Kwa Aisha musapereke moni wanga mpaka atamva. Akakufunsani dzina lija, musalitchule ndi pakamwa ngati likukulemerani. Mungomuonetsa m'munsi mwa pepalali.

Ndine mng'ono wanu,
Latifu