Mango wa m'debe ndi bwalo la mapazi khumi ndi awiri

Limbe, Lachitatu, 12 Novembala.
Kuseri kwa nyumba, m'litali: mapazi anga 24.
Kuchotsapo khitchini 7 ndi chimbudzi 5: atsala 12.
Mthunzi wa mango wanu uja: 40.
Masiku otsala kuti kapitawo abwere: 3.

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Kuno tilipo. Chichokereni inu mvula yagwa zaka zinayi. Mdzukulu wanu Wilisoni tsopano ndi kalaliki wa kampani, ndipo anamupatsa nyumba ya njerwa kuno ku Limbe. Ndikukhala naye. Mkazi wake anachira mwana wamkazi mwezi wathawu, tamutcha dzina lanu.

Nkhani yovuta ndi iyi. Mzungu wa esiteti atatisamutsa ku Nancholi, anadula mango wanu kuti adzale fodya. Ndinatola nthanga zisanu ndi imodzi pachitsapo. Inamera imodzi yokha. Ndaisunga m'debe la palafini miyezi khumi ndi isanu ndi inayi, masamba ake ndi makumi atatu ndi awiri, ndipo mizu yaboola debe pansi. Ikapanda kulowa m'nthaka mvula ino, ifa.

Lolemba ndinakumba dzenje kuseriku. Kapitawo wa nyumba za kampani anandipeza khasu lili m'manja. Anati, "Agogo, mango muno ayi. Mizu ikang'amba khoma la Bwana, mudzakagona m'debe lanulo. Mtengo wopitirira denga sitilola. Loweruka ndibweranso, ndikaupeza m'nthaka mwana wanu abweze kiyi."

Wilisoni atamva sanadye. Anati, "Amayi, ndadikira nyumba iyi zaka zisanu ndi ziwiri. Mufuna khandali ligone panja chifukwa cha mtengo?" Ndinamuyankha kuti si mtengo wamba, ndi agogo ake. Kuyambira pamenepo tikungopatsana moni.

Munkandiseka ndikabwera kuchokera kusukulu ya amishoni ndi sileti yanga, mukuti, "Iwe Elube, udzawerenga ndi madontho a mvula omwe." Ndayeza bwaloli kanayi, Amayi, ndikuyembekeza kuti ndalakwitsa. Sindinalakwitse. Makumi anayi salowa m'khumi ndi ziwiri.

Dzulo ndinapita wapansi kwa bambo Chimenya, amene amasamala munda wa zipatso kumishoni, kukafunsa za mitengo yaifupi. Papaya ndinamukana, amatalika kuposa denga ndipo mphepo ikamugwetsa agwera pa malata. Mandimu ali ndi minga, mwanayu adzayamba kukwawa. Gwafa mwina, koma amaitana ana a mzere wonse kukwera khoma, kapitawo adzapeza chifukwa china. Kenaka anandionetsa nachesi womezanitsa: nthambi ya nachesi yomangidwa pa tsinde la ndimu. Mtengo wamkulu wa mtunduwo ndinauyeza ndekha. Msinkhu wake sufika padenga, mthunzi wake mapazi asanu ndi anayi. Atsala atatu a chingwe choyanikira matewera. Akuti ubereka pakatha zaka zitatu. Ndinatenga mtengo waung'ono wa mtunduwo.

Uli pano pambali pa debe lanu, ndipo ndikuchita manyazi kuwayang'ana awiriwa. Inu nachesi simunamukonde, munkati ndi chipatso cha odwala.

Mango wanu sinditaya. Ndapempha akulu osunga manda ku Nancholi kuti andilole kumudzala kumutu kwanu. Kumeneko ngakhale antchito a esiteti salowa ndi nkhwangwa. Akuluwo akuti ayankha Lachisanu. Akakana, sindikudziwa kumene ndidzalowera ndi debeli m'mawa wa Loweruka. Akalola, mtengo ukula mpaka mapazi makumi anayi aja, koma mukudziwa inunso kuti zipatso za kumanda sadya munthu. Mwana amene tamutcha dzina lanu sadzalawa mango wanu ndi limodzi lomwe. Ichi ndicho chikundiwawa. Musandikwiyire, ndipo musakwiyire Wilisoni. Wasankha ndine.

Mawa m'mawa nachesi alowa m'dzenje ndinakumbira inu lija.

Kuwonkhetsa:
Mitengo m'manja mwanga: 2.
Yolowa kuseri kuno: 1.
Yodikira yankho: 1.
Anthu ogona m'nyumba ino Loweruka, ngati simunditsekera njira: 4.

Akalola, debe ndidzalisenza ndekha mpaka kwa inu, ndipo ndidzabwera kudzathirira mpaka mtengo utagwira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elube