Masamba Awiri ndi Kansonga

Amayi anga, kodi kukucha bwanji kumeneko?

Ife kuno ku South Bend tilipo, kungoti chisanu chachedwa kuchoka. Ine ndikadali kuchipatala komwe kuja, kutembenuza odwala ndi kuwamwetsa mankhwala. Mdzukulu wanu Tadala wandifika paphewa tsopano. Chichewa amamva chonse, makamaka ndikamamunena, koma kuyankha ndi Chizungu basi. Ku Thyolo ati nthochi zanu zija zabereka bwino.

Chandilembetsa kalatayi ndi chiliza chanu. Tikachivundukula m'chilimwe muno, ndipo achimwene Lameki alemba kale mbiri yanu yokawerenga pamanda. Abwereza zomwe ananena pamaliro paja, zoti munali mayi wabizinesi. Ndivomere, Amayi, inenso bodza limeneli ndakhala ndikuuza anzanga a kumpingo kuno. Ndinkachita manyazi kunena kuti munkathyola tiyi ku esiteti.

Loweruka lapitali ine ndi Tadala tinakacheza kwa achimwenewo ku Beech Grove. Anatitengera m'tauni ya Indianapolis, kunyumba yosungiramo zinthu zakale kumene akuonetsa za chikhalidwe cha ku Japan, ati mwana aphunzire. Mwana wanu mukumudziwa, anamanga tayi ngati akukalalikira.

Mayi wina wachikulire wa ku Japan anativulitsa nsapato n'kutilowetsa m'kachipinda koyala mikeka, ati tigwade timwe tiyi mwa mwambo wakwawo. Azungu amene tinalowa nawo mawondo ankangolira ngati zitseko, koma ine kugwada ndinabadwa nako. Mayiyo anapukuta mbale mosathamanga, anaikamo ufa wa tiyi wobiriwira ndi madzi otentha, n'kutakasa ndi kaburashi kansungwi mpaka thovu. Ndinalandira ndi manja awiri monga munandiphunzitsira. Kenako ndinayamba kuunguza shuga. Kunalibe, ngakhale mkaka. Ndinakumbukira mawu anu aja oti tiyi wopanda shuga ndi chilango, ndipo ndinatsala pang'ono kuphulika nako kuseka.

Kusekako sikunakhalitse. Mayiyo anati kwawo usanamwe umakweza mbale pang'ono n'kuweramitsa mutu, kuthokoza aliyense amene manja ake anakhudza tiyiyo, kuyambira wothyola. Ine tiyi ndamwa moyo wanga wonse, koma sindinakuweramirenipo ngakhale tsiku limodzi.

M'chipinda china munali zithunzi zakale za mudzi wina wakwawoko. Ndinaona amayi atabereka madengu m'mizere ya tiyi paphiri, ndendende inu. Pambali panali ndakatulo ya mizere itatu yokha yowatamanda. Dengu lenileni lothyolera tiyi analiika m'galasi, loletsedwa kuligwira. Lanu lija, Amayi, tinkafungatiritsiramo nkhuku.

Tadala anafunsa kuti masambawo amathyola bwanji. Achimwene anayamba kuwerenga pakapepala, koma ine manja anga anadzuka okha. Ndinamuonetsa mwana: masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri nthawi imodzi, n'kuponya kumsana osacheuka. Mayi wa ku Japan uja, amene anatiperekeza m'chipindamo, anadabwa, nafunsa kumene ndinaphunzira. Achimwene anandiponda phazi n'kuyamba kufotokoza kuti banja lathu linali mu bizinesi ya tiyi. Ndinawadula pakamwa, koyamba chibadwire.

"Amayi athu ankathyola tiyi mvula ili pamsana, mpaka zala zinada n'kung'ambika. Digiri ya bambo awa inachokera m'dengu."

Mayiyo anaika manja pamaondo n'kundiweramira, ndipo ndikudziwa kuti sankaweramira ine.

M'galimoto achimwene anati ndawavula pagulu. Ati pamanda padzakhala abusa ndi apongozi awo, ndipo ndikapitiriza mwano sadzandipatsa mpata wolankhula. Ndinawakumbutsa zimene munkanena mukamatsuka zala ndi mandimu, kuti dzanja lakuda ndi limene limadyetsa loyera. Anangokweza wailesi. Mpaka lero foni yanga sakuyankha, ndipo zikundipweteka, chifukwa ndi mchimwene wanga mmodzi yekhayo. Koma ayi, ulendo uno sindipepesa.

Mbiri yanu ndalemba yanga. Muli esiteti, muli dengu, muli mvula, muli zala zanu. Akandimana maikolofoni ndidzalankhula popanda iyo, liwu ndinatengera inu lomwe lija linkamveka kutsidya kwa munda. Nkhata za maluwa adzaike ena. Ine ndidzathyola masamba awiri ndi kansonga m'mbali mwa njira imene munkadzera, ndidzagwada, ndidzaweramitsa mutu.

Tadala ndi amene adzawaike pachiliza. Sabata yonseyi wakhala akuyeserera chiganizo chimodzi, lilime likumukanika, ndipo wakana kuchinena m'Chizungu. Ndikukulonjezani kuti mudzachimva nokha pamaso pa abusa, apongozi ndi achimwene omwe: "Agogo anga ankathyola tiyi."

Ndine mwana wanu wokukondani, amene wasiya manyazi,

Esinati