Botolo la Makoswe Ofiira Michira

Lolemba, 3 Malichi
Makoswe atsopano afika ku labu, makumi awiri. Ndawapaka inki kumichira, khumi yofiira, khumi yabuluu. Onse poizoni wowononga chiwindi, kenako madzi a khungwa lomwe tikuyesa. Abuluu pang'ono, ofiira ambiri. Adokotala oyang'anira labu akuti ulendo watha khungwali linateteza ziwindi bwino lomwe.
Kunyumba bambo a ana maso achikasu ngati nthochi yakupsa. Zaka khumi akupopera mankhwala mosungira katundu, chotchinga pamphuno ayi. Kuchipatala akuti chiwindi, tidikire. Tidikire chiyani? Ndili ndi mantha.

Lachinayi, 6 Malichi
Apongozi anabwera. "Mayi, inu kumachiza makoswe, amuna anu akutha mukuona?" 

Lachisanu, 7 Malichi
Ndachita. Botolo la madzi a khungwa la ofiira ndakhuthulira m'botolo langa lakumwera. M'malo mwake madzi ndi kadontho ka tiyi kuti mtundu ufanane. Pageti mlonda n'kungondipatsa moni. Mulungu andikhululukire, khoswe si munthu.

Lachitatu, 12 Malichi
Bambo a ana ndikuwapatsa masipuni awiri m'mawa, awiri madzulo. Akuti kuwawa kwake kukuposa pakamwa panga. Aseka lero, adyako. Ofiira akumwa madzi anga abodza, awiri afooka. Adokotala akangoyandikira firiji ya mabotolo ine ndimayang'ana kumbali.

Lachiwiri, 18 Malichi
Bambo a ana mapazi atupa, nsapato zikukana. Akuti chiyambire dzulo mkodzo ndi timadontho chabe. Ndawonjezera sipuni imodzi. Mwina ndi matenda akulimbana ndi mankhwala. Mwina.

Lachinayi, 20 Malichi
Tatumbula makoswe. Abuluu: ziwindi zosalala, zokongola, koma impso zotuwa, zotupa. Ofiira: ziwindi zowonongeka, impso bwinobwino. Adokotala kukanda mutu. "Zitheka bwanji omwa pang'ono kuwonongeka impso, omwa ambiri ayi?" Akuti tibwereza mwezi wamawa.
Ine ndikudziwa. Ofiira anamwa masiku anayi okha. Zotsala zonse anamwa ndi bambo a ana, sipuni ili m'dzanja langa, ndikuwanyengerera kuti ameze.
Ndikaulula, ntchito yatha, mwinanso kumangidwa. Ndikakhala chete, akuchipatala azingoyang'ana chiwindi, impso zikutha.
Magolovesi ndavula. Chitseko cha adokotala n'chotsegula, ali okha. Ndikulowa.