Timadontho Toyera pa Nsomba za Tiyanjane

Lachitatu, Julayi. Kwazizira tsiku lonse.

Ndakumbukira mwana wanga Tiyanjane ali wamng'ono, akuchokera kudambo ndi timatemba m'botolo, n'kutiletsa tonse kudya anzakewo. Atakula anagula thanki yagalasi ndi nsomba zofiira, ndipo popita ku Lusaka anandisiyira ine.

Tsopano nsombazo zatuluka timadontho toyera ngati mchere, zikungodzikhula pamiyala. Imodzi yafa m'mawa. Akuti matendawa amabuka madzi akazizira, ndiye kuno magetsi akathima, hita yotenthetsa madzi nayo imathima. Ndasinthako madzi, ndathira mchere pang'ono, thankiyo ndaifunditsa bulangete. A Banda oyandikana nafe aseka: "Aphunzitsi, nsomba yodwala mankhwala ake ndi tomato ndi anyezi!"

Ndimaopa kumuuza Tiyanjane. Chiikireni maliro a amayi ake sanapondeko kuno, amati nyumba ino imamulemera. Komabe madzulo ano ndamuimbira foni.

"Atate, mcherewo musachulutse, dzanja lanu ndimalidziwa." Kenako wawonjezera kuti, "Mankhwala ndigula konkuno. Loweruka mundichingamire pa basi ku Katete."

Nsomba zotsalazi zipirireko mpaka Loweruka. Chipinda chake sindinasese n'komwe, ndipo makatani ake nawo ngosachapa...