Matimati Amene Ndinawamiza M'dimba Mwanu

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Ndine Agi, chitsirizira chanu, uja munkati manja ake amathamanga n'kusiya mutu m'mbuyo. Lero ndadzuka mtima uli m'malo, koyamba m'miyezi itatu, n'chifukwa chake ndatenga cholembera. Ndiyambe ndi nkhani yaikulu kuti musade nkhawa: dimba lanu la kumtsinje silinapite. Likadali lathu. Koma linatsala pang'ono kupita ndithu, ndipo wolakwa ndinali ine, osati munthu wina.

Za pakhomo kaye. Achemwali a Felesita anachira m'Malichi, mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu, Rozina. Chipumi ndi chanu chenicheni, komanso akafuna chinthu salira kawiri, amangokuyang'ana mpaka uchite manyazi. Mpunga chaka chino unachita bwino, nandolo ndiye anadyedwa ndi mbuzi za anthu, zathu zomwe zinathandizako. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo ya m'Januwale, alamu anafolera lina, koma likudontha pomwe linkadontha lakale lija. Ku tchalitchi mpando wanu wa kutsogolo kwa kwaya akukhalapo mayi ena amene amayamba nyimbo mokweza kwambiri, moti pofika ndime yachiwiri aliyense amakhala atatopa. Mukanakhalapo mukanawakodola.

Tsopano za dimba. Chaka choyamba mutatisiya, linagona. Sindibisa. Achemwali anali ndi chisoni, kenako pakati, ine ndinali ku koleji, ndipo udzu unafika m'chiuno. Amalume a Jailosi, monga mwini mbumba, anatiitana pansi pa mango uja n'kutiuza kuti ana a amayi aang'ono akhala akupempha dimbalo, ndipo iwo sangalole malo a madzi kumangogona pamene abale ena alibe pothirira. Anatipatsa chilimwe chimodzi. Dimba likapanda kubereka, lipita kwa enawo. Ndinakwiya, Amayi, ndinalira ndi ukali, koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti amalume sakunama.

Pali chinthu china chimene sindinauze aliyense, ndiye ndikuuzeni inu poyamba. Mukukumbukira kuti ndinapita kukaphunzira uinjiniya wa zaulimi, za mapampu, mathirakitala ndi ngalande zothirira. Chaka choyamba anatipatsanso phunziro la moyo wa zomera: momwe chomera chimamwera madzi, momwe chimapangira chakudya ndi dzuwa, momwe chimapumira. Ine ndinalinyoza. Ndinkati ine mwana wa kwa Mposa, wobadwira m'munda, munthu wovala jekete andiphunzitse kuti chimanga chimamwa madzi? Ndinkakhala kumbuyo n'kumajambula mapaipi m'kope. Masamu ndinakhoza, za makina ndinakhoza, koma phunziro la zomeralo ndinagwa nalo chagada. Anandiuza kuti ndibwereze. Kunyumba ndinangoti zonse zayenda bwino.

Tisanatsekere chaka chachiwiri anatitumiza kukaphunzira ntchito m'minda, ine ndinapita ku Balaka, kwa Nsamala. Kumeneko dzuwa silichita masewera, ndipo munda umene ndinalimo dothi lake ndi lamchenga. Ukathira madzi, ukangotembenuka apita. Alimi ake amathirira m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, apo ayi mbewu zimapsa. Ndinaphunzira kuyala mapaipi, kutsegula pampu ya sola ndi kuikonza, ndipo ndinalemba m'kope mwanga nthawi yothirira ndi kutalika kwake. Ndinabwera kuno pa holide ndikudzimva kuti ulimi wothirira ndauthera.

Ndiye kunapezeka kuti pampu ya sola ya kalabu ya amayi a m'mudzi muno inali itafa kalekale, ili m'nyumba mwa msungichuma, nkhuku zikuikira mazira pambali pake. Ndinaimasula, ndinapeza waya wothothoka ndi matope m'kati, tsiku lachiwiri inalavula madzi. Abale, mudzi wonse unabwera kudzaonerera. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka a Injiniya, ndipo amayiwo anati tiziigwiritsa ntchito m'dimba mwathu chilimwe chonse. Mutu unakula, Amayi. Mukanaona momwe ndinkayendera ndi sipanala m'thumba la diresi.

Tinalima dimba lonse ine ndi achemwali, Rozina ali kumsana. Tinawokera matimati m'mabedi khumi ndi awiri, asanu ndi awiri kufupi ndi njira, asanu kuseri kwa nthochi zanu zija. Ndinakumba ngalande zowongoka bwino ngati zojambula ndi rula, ndipo ndinakopera papepala ndondomeko ya ku Balaka ija, m'mawa ndi madzulo, osadumpha tsiku. Sindinaganizeko n'komwe kuti dothi la kwa Nsamala ndi mchenga pamene lathu kuno ndi makande, amene akamwa madzi amawasunga ngati mtsuko. Masabata awiri oyamba matimati anakondwa. Sabata lachitatu anayamba kufota masana. Ndinati ludzu limenelo, n'kuwonjezera nthawi yothirira. Masamba a m'munsi atayamba chikasu ndinati njala, n'kuthira feteleza, kenako madzi enanso. Achemwali ankangondiyang'ana, n'kuyang'ana dothi. Holide itatha ndinawasiyira pepala lija, n'kuwauza mwamphamvu kuti asasinthe kalikonse.

Ku koleji ndinalowanso m'kalasi ya zomera ija, tsopano pamodzi ndi ana a chaka choyamba, manyazi ali tho. Tsiku lina aphunzitsi athu, mayi wamfupi wolankhula motsitsa, anabwera ndi zitini ziwiri, chilichonse chili ndi mbande ya matimati, zonse zofota mofanana. Anatifunsa kuti zikusowa chiyani, tonse tinati madzi. Anazula yoyamba, dothi lake louma gwa, mizu yoyera. Anazula yachiwiri, matope ali chuchuchu, mizu yakuda, ikununkha. Anatiuza kuti mizu nayo imapuma, imafuna mpweya umene umakhala m'timipata ta m'dothi. Madzi akadzaza timipatato masiku ambiri, mizu imabanika n'kuyamba kuwola, ndipo muzu wowola sungakoke madzi. Pamenepo masamba, amene amataya madzi ndi dzuwa kudzera m'timabowo tawo, amafota ngakhale chomera chaima m'thamanda. Anamaliza n'kunena kuti injiniya wosadziwa zimenezi ndi woopsa kuposa chilala, chifukwa iye ali ndi pampu.

Anzanga ankalemba, ine cholembera chinangoima. Ndinaona mabedi athu, ndinaona pepala langa, ndinaona achemwali akutsegula pampu m'mawa ndi madzulo chifukwa ine ndinawalamula. Ndipo ndinakuonani inu. Ndinakumbukira kuti m'mawa mukafika m'dimba simunkayamba ndi kutunga madzi iyayi. Munkakumba pang'ono ndi chala, kutapa dothi, kulifinya m'manja, ndipo likagwirana n'kunyezimira munkabweza makheni kunyumba osathira ngakhale dontho. Ine ndinkati ndi ulesi wa ukalamba. Ndikadandaula kuti masamba agwa, munkanditumiza kuti ndikawaonenso m'mawa, ati masana a Okutobala ngakhale inu mumafota.

Ndinatuluka kalasi isanathe n'kuimbira achemwali kuti azimitse pampu. Anangoti chabwino. Nditafunsa kuti matimati ali bwanji, anati alipo, mawu ake osamveka ngati a munthu wokondwa kapena wolira. Lachisanu ndinakwera basi. Ku Balaka minibasi inachedwa kudzaza, ine ndikungotuluka thukuta pampando, kuwerenga m'mutu masabata amene ndinamiza mbewu zija. Kuwoloka mlatho wa Liwonde sindinayang'ane n'komwe Shire, madzi anali atandikwana. Njira yonse ndinkakonza mawu okauza amalume, ndi okauza inu.

Sindinalowe m'nyumba, ndinangolunjika kudimba ndi chikwama changa. Mabedi a kunjira aja anali atatha. Mitengo yakuda, masamba ali lende, dothi lobiriwira ndere. Ndinazula umodzi, fungo lake lomwe lija la m'chitini cha aphunzitsi. Ndinakhala pansi m'matope momwemo ndi diresi yanga ya paulendo, ndipo ndinalira ngati tsiku limene tinakuikani. Achemwali anandipeza ndili choncho. Anangondigwira dzanja n'kunditengera kuseri kwa nthochi.

Mabedi asanu aja anali obiriwira, Amayi, ofika m'chiuno, atamangidwa ku timitengo, maluwa ali mbuu, ena atayamba kale kubereka. Ngalande yanga yowongoka ija inali itatsekedwa ndi chibuma cha matope. Achemwali anaulula akuyang'ana pansi, ngati agwidwa akuba, kuti tsiku lomwe ndinakwera basi kubwerera ku koleji holide itatha anatseka madzi a kuseriko n'kuyamba kuthirira ndi makheni anu, kufinya dothi kaye monga munkachitira inu, nthawi zina kudumpha masiku atatu. Mabedi a kunjira anawasiya pa ndondomeko ya pepala langa, chifukwa kumeneko anthu amadutsa, ndipo sanafune kuti m'mudzi muzimveka kuti a Felesita, amene analekezera sitandade 7, akutsutsa mng'ono wawo wa ku koleji. Ankaona mbewu zikufa tsiku ndi tsiku n'kumatsegulabe pampu kuti ine ndisachite manyazi.

Ndinawafunsa kuti bwanji sanandiuze ndili pano, pamene anaona masamba akuyamba chikasu. Yankho lawo silichoka m'mutu mwanga: "Inu ndinu a sukulu, ine ndikanati chiyani?" Munthu amene anandibereka kumsana, amene ankandikwapula ndikaba shuga, tsopano akuopa kundiuza kuti ndikulakwitsa. Zimenezi zinandipweteka kuposa matimati akufa aja.

Masiku awiri amene ndinakhala kumudzi tinagwira ntchito ngati ng'ombe. Tinazula zakufa zonse n'kuzitentha, tinakumba ngalande zotulutsira madzi kupita kumtsinje, tinakweza mabedi a kunjira kuti aume, ndipo patapita nthawi achemwali anadzalamo mpiru. Pampu sitinaitaye iyayi, imadzaza mgolo, madzi n'kumachoka mumgolomo pamene dothi lapempha. Ndinawafotokozera za mizu yopuma, iwo anati sankadziwa kuti imapuma, ankangodziwa kuti makande akanyezimira sathiridwa. Ndinabwerera ku koleji n'kukhala mpando wa kutsogolo. Mayeso a zomera aja ndalemba, ndipo ndakhoza bwino lomwe. Funso lina linali la chomera chofota m'dothi lonyowa, ndinalemba mpaka pepala linandithera.

Dzulo amalume anabwera kudzaona dimba, monga ananenera kuti adzabwera mvula isanagwe. Anayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, kuyang'ana mpiru, kuyang'ana madengu a matimati amene alamu amapita nawo ku Liwonde. Ankati ayambe kuyamikira pampu ndi sukulu yanga, koma ndinawadula mawu, mundikhululukire mwanowo. Ndinawauza zonse, kuti mabedi asanu ndi awiri ndinapha ndine, asanu anapulumutsa ndi achemwali, mobisa. Amalume anathyola tomato mmodzi, kumupukuta pa malaya n'kudya. Kenako anati dimba likhala kwa ana a malemu Rozina, mwini khasu ndi Felesita, ndipo ine ndizibwera ndi mapaipi anga ndikaitanidwa. Achemwali anaseka mpaka mwana anadzuka kumsana.

Pobwerera kunyumba ndinazindikira chimene chinasowa chilimwe chonsechi. Sanali madzi, sanali feteleza. Mukanakhalapo inu, tsiku loyamba lomwelo mukanandilanda pepala lija n'kundikalipira pamaso pa aliyense, injiniya kapena ayi, ndipo ndikanatupa masaya mpaka madzulo koma mbewu zikanakhala moyo. Chichokereni inu palibe amene amandikalipira. Aliyense amangoti a Injiniya anena. Ndiye panjira pomwepo ndinawapempha achemwali kuti ntchito imeneyi aitenge iwo, azindidzudzula akaona ndikusokoneza, asamandiope. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti: "Ndiye iwe Agi, yamba n'kusenza denguli, wayenda manja lende kuchokera kudimba." Ndinasenza, Amayi, misozi ikutsika, koma mtima uli mbee.

Kwatsala zaka ziwiri kuti ndimalize. Ndikukulonjezani kuti ndimaliza, ndipo kulikonse kumene ndidzapite ndi mapampu anga, ndisanatsegule madzi ndizidzayamba ndagwada, kutapa dothi, ndi kufunsa mwini munda zimene waona. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri. Pumulani, dimba lili m'manja abwino, a achemwali.

Ndine mwana wanu,
Agi