Chitseko cha Kumanzere

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi moni, chifukwa ndikayamba ndi nkhani mwina pa moni simufikapo. Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, bondo lija linasiya kuwavuta? Nanga ana? Kuno tonse tili bwino. Mlamu wanu, mkazi wangayu, akupereka moni, ndipo wandiuza kuti ndilembe pachiyambi pomwe kuti iye anandiletsa. Sanandiletse, koma ndalemba.

Abambo ali bwino kwambiri. Mawu amenewa muwagwiritsitse pamene mukuwerenga zotsatirazi.

Mukukumbuka zimene tinagwirizana amayi atatisiya. Munati abambo sangamangokhala pakhonde tsiku lonse osayankhula, ife tili kuntchito. Munati mudzawatenga azikakhala kwanu, kumene chipatala chili pafupi. Ine munandipatsa ntchito imodzi yokha: kuchotsa m'galaja galimoto yawo yofiira ija, yaliwiro, yopanda denga, imene yakhala pa njerwa zaka makumi awiri, kenako inu mudzabwere kudzalongedza katundu wawo. Nthawi zonse mukaimba foni ndakhala ndikukuuzani kuti ogula zitsulo sanabwerebe, mudikire kaye. Achemwali, ndimanama. Anabwera sabata yoyamba yomwe.

Anali bambo wina wamimba yake, wa magalasi akuda. Anazungulira galimoto kawiri, anaponda tayala lina lakuphwa, nkunena kuti aidula zidutswa zinayi kuti ikwane m'lole. Apo mpamene tinamva mawu kuchokera pakhonde. Abambo, amene kwa miyezi itatu ankangoti eya ndi ayi, anati ndimuuze munthuyo achotse phazi lake pamenepo. Sanakweze mawu nkomwe. Wogula zitsulo uja anachotsa phazi ngati waponda khala lamoto, ndipo ine ndinamuperekeza mpaka pageti.

Tsono inu mukundidziwa. Mphunzitsi wa masamu akaganiza kuti wapeza yankho samva za munthu. Ndinawerenga mabuku awiri, ndinaonera mavidiyo, nkuuza mlamu wanu kuti kukonza galimoto yakale pamwamba pokha kuli ngati kudzola mafuta osasamba. Umayenera kuivula, kuchotsa bodi yonse, kuti chasisi, mafupa ake enieniwo, chikhale poyera uchikhule dzimbiri. Iye anafunsa ngati ndinayamba ndasinthapo ngakhale tayala. Ndinamuuza kuti funsolo silikugwirizana ndi mutu wa phunziro.

Tinaitana aneba athu owotcherera zitsulo aja, amene inu munawapatsa dzina loti a Phokoso. Titachotsa zitseko za galimoto, iwo anayamba awotcherera kaye mipiringidzo pamakomo onse awiri. Akuti galimoto yopanda denga ukangoikweza chomwecho imapindika pakati ngati buledi wonyowa. Mabawuti ogwira bodi anali khumi ndi awiri. Khumi anamasuka mwaulemu, awiri tinachita kuwadula.

Loweruka m'mawa tinamanga tcheni pamtanda wa denga la galaja. A Phokoso ankakoka, mlamu wanu ankawongolera kumbuyo, ine ndinkalamula. Mtanda utalira kamodzi, ndinapezeka ndili pageti osadziwa kuti ndafikapo bwanji. Koma bodi inakwera ndithu, pang'onopang'ono, mpaka tinaikhazika pa matabwa ndi migolo inayi. Chasisi tinachikankhira pabwalo, injini ndi chiwongolero zili pamtunda, osavala.

Abambo anasuntha mpando wawo kuchoka pakhonde nkuuika pafupi ndi khomo la galaja.

Masabata asanu ndi limodzi tinakhala tikukhula. Burashi ya waya, parafini, penti yakuda. Ana a m'kalasi mwanga ankayang'ana zikhadabo zanga m'malo moyang'ana pa bolodi. Mlamu wanu anamanga chingwe choyanikapo zovala pa chiwongolero, akuti galimotoyi nayonso iyambe kuthandiza pakhomo.

Tsopano imvani nzeru za mlongo wanu wa digiri. Pamalo onse khumi ndi awiri pamene bodi imakhalira pa chasisi panali tizitsulo topyapyala, tosanjikizana. Pena tiwiri, pena tisanu, pena kamodzi kokha. Poona chisokonezo chimenechi mtima unandiwawa. Ndinatola tonse, ndinatsuka, ndinayeza, nkusanja m'mabotolo molingana ndi kukhuthala kwake, botolo lililonse ndi kapepala kake. Pa tsiku lobwezera bodi ndinachita chilungamo. Tizitsulo tinalipo 36, malo 12, ndiye titatu titatu paliponse. Masamu a ana.

Bodi inatsika bwinobwino. Tinamanga mabawuti, a Phokoso anadula mipiringidzo yawo, tinabwezera zitseko. Chakumanja chinatsekeka nkukana kutseguka. Chakumanzere chinalendewera ngati phiko la nkhuku yodwala chitopa, mpata wake woti munthu nkulowetsa dzanja. A Phokoso anaseka mpaka anakhala pansi.

Abambo anadzuka pampando. Anayenda ndi ndodo yawo mpaka m'galaja, anasisita mpata wa chitseko ndi chala kuyambira m'mwamba mpaka m'munsi, kenako anayang'ana mabotolo anga aja nthawi yaitali. Anafunsa kuti kodi waphunzira kwambiri pakhomo pano ndi ndani. Mlamu wanu anandiloza mosazengereza.

Abambo anati magalimoto amenewa ankapangidwa ndi manja, palibe chasisi chowongoka ndendende, choncho kachitsulo kalikonse kanali ndi kwawo. Tizitsuloto anaika okha, amayi ali ndi pakati pa inu, ndipo zinawatengera mwezi wathunthu. Anati ana ungawakonde mofanana, koma nsapato suwagulira saizi imodzi. Kenako anaitanitsa ovololo yawo.

Achemwali, ndikanakonda mukanaona. Ovololo ija inawakulira, tinachita kupinda manja ndi miyendo. Tinawayalira katoni pansi, iwo nkugona chagada, kumatilamula kuti tikweze pang'ono, titsitse, tibweretse kopyapyala. Ndikabweretsa kolakwika amandiuza kuti ndibwereze kalasi. Maso awo saona bwino, koma chala chimaona. Rula yanga anaikana. Ali ndi kachidutswa ka katoni ya sopo kamene amayendetsa m'mbali mwa chitseko, ndipo kakagwira penapake amadziwa bawuti yoti timasule.

Kuyambira tsiku limenelo akudya mpaka kupempha zowonjezera. Ndevu akumeta okha. Amakangana ndi a Phokoso za mpira kudzera pamwamba pa mpanda, aliyense akutchula osewera amene mnzake sanawamvepo. Tsiku lina ndinawamva pansi pa galimoto akuimba kanyimbo kamene amayi ankakonda, akulakwitsa mawu pamalo omwe aja amayi ankawadzudzulira.

Masabata atatu apitawo zitseko zonse ziwiri zinatsekeka. Kungokankha ndi chala chimodzi, kaphokoso kake kofewa ngati ka firiji yatsopano. Tinawomba m'manja. Ndinawauza abambo kuti zatsala ndi injini ndi penti basi, ndipo a Phokoso ali ndi mnzawo woti atithera zimenezo msanga. Abambo anangoti chabwino.

Mawa lake pobwera kuntchito ndinapeza chitseko chakumanzere chalendeweranso. Abambo anati chitsulo chimatero, ndi nyengo. Tinalimbana nacho masiku anayi, chinakhala bwino. Patapita masiku awiri chalendeweranso. Ine ndinayamba kujambula magirafu, kuyerekeza kutentha kwa m'mawa ndi kwa masana. Ndinatsala pang'ono kutulukira lamulo latsopano la sayansi.

Lamulolo walitulukira ndi mlamu wanu dzulo, pochapa. M'thumba la ovololo ya abambo munali tizitsulo tiwiri, tokulungidwa bwinobwino m'kampango. Ife tikapita kuntchito, madalawo amatenga jeke, kumasula bawuti imodzi, nkusolola.

Mlamu wanu sanawafunse zambiri. Anawapangira tiyi, nkuika kampango kaja patebulo pambali pa kapu. Akuti abambo anakayang'ana nkuseka ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa. Kenako anasiya kuseka. Anati iwo si ogontha, amamva ndikamayankhula nanu pa foni, ndipo akudziwa kuti za m'galaja zikatha mudzabwera ndi masutikesi. Anati amakukondani, nyumba yanunso ndi yabwino, koma ili m'mwamba pa nyumba zosanjikizana, ndipo kumeneko munthu alibe choti amasule kupatula zingwe za nsapato zake.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndinalakwa kukunamizani, ndipo mundikalipire monga mwa masiku onse, khutu langa linazolowera kuyambira ndili wamng'ono. Koma abambo muwasiye kuno.

Nkhawa zanu ndi zoona, sindikuzipeputsa. Chipatala chili kutali, ndipo mapiritsi ankaiwala. Koma mlamu wanu wasintha nthawi ya ntchito, azifika pakhomo masana. A Phokoso amakhala kuseri kwa mpanda tsiku lonse, ndipo palibe chimene chimawadutsa, ngakhale chosawakhudza. Mapiritsi tinawaika m'bokosi la masipanala, ndipo chiyambire sanadumphitsepo tsiku.

Vuto ndi loti ine ndikawauza kuti sapita sangakhulupirire, poti aona okha mmene ndimanamira pa foni. Lembani inuyo, ndi dzanja lanu, zilembo zikuluzikulu, kuti galimoto ikatha iwo akhala pomwe pano. Mlamu wanu wasita ovololo ija nkubwezera kampango m'thumba momwe anakapeza, akuti kakhala mmenemo mpaka yankho lanu lifike.

Mukalola, mwezi wamawa injini ilira. Mukakana, ndinu aakulu, sindidzakuyankhani mwano. Kungoti chitseko chija sichidzatsekeka, ndipo tsopano bawuti yake nanenso ndikuidziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Wamkuluyo mumuuze kuti amalume ake anasiya kufunsa kuti sipanala imazungulira mbali iti. Mulungu akusungeni nonse ndi moyo wamphamvu, ndipo akufewetseni mtima musanagwire cholembera.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
Mphunzitsi wa masamu, wobwereza kalasi ya zitseko